Magetsi alibe chibale

Dzuwa likamapendeka ku Chiwamba m'boma la Lilongwe, ntchito zodalira magetsi zimafika pachimake. Wometa ali kalikiliki ndi makina ake, mafoni ali ndandanda pa tchaji, kwinaku anyamata akudikira mpira m'nyumba ya kanema.

M'madera ngati amenewa, kuphatikizapo Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ena magetsi awo ndi a Escom pomwe ambiri amadalira sola ndi batire. Koma mafoni opserera, mawailesi ofuka utsi ndi mawaya osungunuka zimasonyeza kuti mawu awiri, volteji ndi kalenti, akadali achilendo.

Mlimi wa kudimba sangavutike kumvetsa. Madzi kuti ayende m'paipi pamafunika pampu yowakankha. Mphamvu yokankhayo m'magetsi ndiyo volteji, ndipo imayezedwa m'ma volt. Kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipimo ndiko kalenti, yomwe imayezedwa m'ma amp.

Mayinawa ndi a anthu. Volt inachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire yoyamba m'chaka cha 1800, pomwe amp inachokera kwa André-Marie Ampère wa ku France.

Chipangizo chilichonse chili ndi muyezo wake. Mwala wa tochi uli ndi ma volt 1.5, foni imatchajidwa ndi ma volt pafupifupi 5, batire ya galimoto ili ndi 12, pomwe magetsi a Escom m'nyumba ndi 230. N'chifukwa chake foni yolumikizidwa ku batire popanda kochepetsa mphamvu imapsa.

Ma volt akachulukitsidwa ndi ma amp amapereka ma watt. Ayironi ya ma watt 1,000 imakoka ma amp 4 ndi pang'ono pa magetsi a Escom. Ayironi yomweyo ikadzera pa inveta imakoka ma amp oposa 80 ku batire. Waya wowonda sangasenze katundu wotere, amatentha, ndipo denga la udzu silichedwa kugwira moto.

Masamu omwewa ndiwo amathandiza kuti magetsi afike ku Lilongwe kuchokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Volteji ikakwera, kalenti yofunika imachepa ndipo mphamvu sitayika yambiri m'njira. Nthambo zochoka ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, zomwe zinatha m'chaka cha 2018, n'za ma volt 400,000. Mathiransifoma amatsitsa mphamvuyi pang'onopang'ono kufika pa 33,000 kapena 11,000, kenako 230.

Nanga chimapha munthu n'chiyani? Ndi kalenti yodutsa m'thupi, koma yoikankha ndi volteji. Kalenti yosafika ndi gawo limodzi lomwe la magawo khumi a amp imodzi ikhoza kusokoneza mtima. Thupi lonyowa limaitsegulira njira, choncho dzinja ndiyo nyengo yoopsa kwambiri.

Mbalame imatera pa waya umodzi osafa chifukwa magetsi alibe podutsira kupita pansi. Munthu woponda dothi ndiye njirayo.

Wina akagwidwa ndi magetsi m'nyumba, choyamba ndi kuzimitsa pa switchi yaikulu. Zikakanika, amukankhe ndi mtengo wouma, osati manja. Koma waya wa pa pholo ukagwa, ngakhale mtengo woumawo sungateteze. Anthu atalikire, ana aletsedwe, ndipo a Escom adziwitsidwe.

Asanalumikize chilichonse, munthu awerenge manambala olembedwa pa chipangizocho kapena afunse wodziwa. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa anadya phula.