Kalata yosadikira sitima

Kale pa Msumba makalata a ntchito ankabwera pamadzi. Sitima ya mishoni ya Anglican, Chauncy Maples, yomwe inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1901, inkazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja itanyamula ansembe, katundu ndi makalata. Mphunzitsi akalandira kalata ankakhala ndi masiku oganiza, poti yankho silikananyamuka sitima isanabwerenso.

Lero muli ndi imelo. Ndi kalata ndithu, koma yoyenda pa intaneti. Ngati ndinu namwino kapena mphunzitsi, lipoti lanu litha kufika ku Metangula kapena ku Lichinga musanamalize kumwa tiyi, osalipira chapa. Imasunganso tsiku ndi ola lomwe munatumiza. Wina akadzati "simunatumize", umboni uli m'foni mwanu.

Koma mvetsani mmene imayendera, chifukwa vuto lagona pamenepo. Munthu akakutumizirani imelo, siilowa m'foni mwanu nthawi yomweyo. Imakayamba yakhala pa makompyuta a kampani, monga Google ngati adiresi yanu ndi ya Gmail, kudikira kuti foni yanu ipeze netiweki. Kwa wotumiza uja zimaoneka kuti yapita basi. Iye ali mu ofesi ku Lichinga, akuganiza kuti mwawerenga kale. Inu kuno foni yatha moto, kapena mamega atha, kapena Movitel yangosowa tsiku limenelo. Mukadzatsegula Lachinayi, mupeza kuti msonkhano unali Lachitatu. Olakwa ndani? Kawirikawiri mlandu umagwera wamng'ono.

Zikakuchitikirani kamodzi, mantha amalowa. Mumayamba kusuzumira foni pa chakudya, usiku, ngakhale Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Ntchito yakutsatirani kunyumba. Onjezani kuti makalata a boma amabwera m'Chipwitikizi cha mu ofesi, ndipo mawu olembedwa alibe nkhope: mizere iwiri yochokera kwa abwana imaoneka ngati ukali, pomwe mwina anangofulumira.

Musadikire kuti zivute. Auzeni akuluakulu anu mwaulemu nthawi yomwe mumatsegula imelo, tinene m'mawa ndi pomaliza ntchito, ndipo muwapemphe kuti nkhani yachangu aziimba foni kapena kutumiza uthenga wa SMS, womwe sufuna mamega. Imelo yofunika ikafika, yankhani mawu amodzi okha, "Ndalandira", yankho lenileni lizitsatira mutaganiza bwino.