Sharpevale ndi Asilikali Athu Akale

Malo ake

Munthu akatsika mapiri a Ntcheu kulowera kum'mawa amafika m'chigwa cha Bwanje, dziko lotentha la chimanga ndi thonje. Sharpevale ali m'chigwa chimenechi, m'mbali mwa njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima. Dzinali ndi la Mngelezi Alfred Sharpe, amene analamulira Nyasaland mpaka 1910. 

Ana amene anatengedwa

Boma la Ntcheu ndi la Angoni a Gomani, anthu a nthungo ndi chishango. Azungu anapha Inkosi Gomani yoyamba mu 1896, koma pasanathe zaka 20 anabweranso kudzafuna ana a m'midzi yomweyo kuti akawamenyere nkhondo. Imeneyi ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya. Ena anavala yunifolomu ya King's African Rifles (KAR), koma ochuluka anagwidwa kukhala atengatenga. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu mpaka ku Tanganyika, opanda nsapato, ndipo ambiri anathera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Manda awo palibe amene amawadziwa. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti nkhondoyo idzangosiyira osauka amasiye, ndipo zinaterodi.

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anyamata athu anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Obwerako anapatsidwa mamendulo ndi kangachepe, n'kubwerera kukhasu. Amene tinakulira kumudzi tikuwakumbukira madala otere: jekete ya khaki yong'ambika m'zigongono, mamendulo okulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi, msana woongoka ngakhale miyendo ikunjenjemera. Ana tinkawaseka akayamba kuguba pabwalo la mowa. Tinkalakwa kwambiri, pakuti munthu amene anawoloka nyanja yamchere n'kukaona anzake akugwa m'nkhalango za Burma anayenera kugwadiridwa popatsidwa moni.

Mwezi wa Novembala

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, lipenga limalira nthawi ya 11 koloko m'mawa ndipo anthu amakhala chete mphindi ziwiri. Akuluakulu amaika nkhata pachipilala cha KAR ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ndiponso pansanja ya ku Area 18 ku Lilongwe. Mwambowu usanafike kumagulitsidwa timaluwa tofiira ta popi, ndipo ndalama zake zimathandiza asilikali akale kudzera m'bungwe lawo la Veterans and Ex-Service League of Malawi. Ku Zomba kulinso nyumba zosungirako ena mwa okalambawa.

Zonsezi n'zabwino, ndipo wotha kugula kaduwako agule. Koma lipenga la ku Zomba silimveka ku Bwanje. Madala a ku Burma atsala owerengeka, pamene amasiye akuwonjezerekabe. Asilikali athu analondera njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, ndipo United Nations inamulemekeza ndi mendulo mu 2019. Aliyense wa iwo anali ndi kwawo, anali ndi mayi.

Mayi wotere safuna nkhata. Novembala ndi mwezi wa mvula yoyamba, pamene denga lodontha limaonekera poyera ndi mizere yosatha kugalauza imachititsa manyazi. Nyakwawa imadziwa khomo lililonse limene linapereka mwana kuusilikali. Iitane anyamata amwete udzu akafolere, amayi a Mvano ndi a mipingo ina atenge mbewu ndi kathumba ka feteleza, ndipo aphunzitsi atume ana kukafunsa agogowo dzina la malemu, gulu limene analimo ndi dziko limene anakafikako, alembe m'kope lisungidwe pasukulu.