Kulosera Phokoso ndi Kompyuta: Phunziro la Mabwalo a Ndege kwa Ife a ku Phalombe

Phokoso limadwalitsa. M'chaka cha 2018, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la ndege m'madera okhala anthu lisamapitirire madesibelo 45 powerengera tsiku lonse, ndi madesibelo 40 usiku. Desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60.

Malangizowa anachokera pa kafukufuku. Mu 1992 mzinda wa Munich ku Germany unatseka bwalo lake lakale la ndege n'kutsegula latsopano. Ofufuza anapeza kuti ana okhala pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuchita bwino powerenga, pomwe ana oyandikana ndi latsopano anabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wina wa mu 2013 anaonetsa kuti m'madera aphokoso kwambiri ozungulira bwalo la Heathrow ku London, anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha sitiroko ndi matenda a mtima anali ochulukirapo.

Kodi kompyuta imalosera bwanji?

N'zosatheka kuika makina oyezera phokoso pakhomo lililonse. Choncho akatswiri ena amagwiritsa ntchito njira yotchedwa machine learning, yomwe ndi kuphunzitsa kompyuta ndi zitsanzo zambirimbiri.

Amaika makina oyezera m'malo ochepa pafupi ndi bwalo. Ndege ikadutsa, amalemba mtundu wake, kutalika kwake kuchokera pansi, liwiro lake, komwe mphepo ikuwombera, kutentha kwa tsikulo ndi phokoso lomwe lamveka. Zitsanzo zikachuluka, amazigawa pawiri. Gawo lalikulu amapatsa kompyuta pamodzi ndi mayankho ake kuti ione yokha kugwirizana kwa zinthuzi ndi phokoso. Gawo laling'ono amalibisa kuti adzaiyese nalo, monga mayeso omwe mwana sanawaonepo. Ikamakhoza, amaifunsa za malo omwe sanayezepo, n'kujambula mapu oonetsa midzi, sukulu ndi zipatala zomwe zili paphokoso lalikulu.

Zimafanana ndi namwino amene wayeza ana ochuluka kusikelo: akangoona mwana, amatha kunena kulemera kwake asanamuike pasikelo. Koma luso lakelo linachokera pa kuyeza kwenikweni. Kompyutanso imangodziwa zomwe yaonetsedwa. Yophunzira ndege za ku London singanene za phokoso la pamsika wa Migowi.

Nanga zikutikhudza bwanji kuno?

Phalombe alibe bwalo lalikulu la ndege. Loyandikira ndi la ku Chileka ku Blantyre. Ambiri kuno anamva helikopita pafupi namondwe Freddy atawononga mu Malichi 2023, ndipo zinali za masiku ochepa. Phokoso lathu la tsiku ndi tsiku ndi la zigayo, njinga zamoto za kabaza, majenereta, malo owotcherera zitsulo ndi zokuzira mawu za m'misika ndi m'malo oonetsera kanema.

Phokoso lotere limaopsa makutu enieniwo. Malire omwe akatswiri ambiri amatsatira pantchito ndi madesibelo 85 kwa maola 8. Likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2. Mkati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi tomwe timalandira mawu. Tikafa sitimeranso. Wogwira ntchito pachigayo amagontha pang'onopang'ono popanda ululu, ndipo akamazindikira amakhala atachedwa.

Njira ya kumabwalo a ndege ija ingathandize apa. Titakhala ndi miyeso ya zigayo zambiri, kompyuta ingaphunzire kuloza zigayo zoopsa kwambiri ndi sukulu zomwe zayandikana nazo mopitirira, alangizi n'kudziwa koyambira. Choyamba ndi miyesoyo, ndipo oitolera ndi inu amene mumayenda m'midzi.

Zomwe mungachite

Lembani m'kaundula malo aphokoso a m'dera lanu: dzina la mudzi, ngati chigayo ndi cha dizilo kapena cha magetsi, ngati nyumba yake ndi ya njerwa kapena ya malata, maola omwe chimalira patsiku, ndi masitepe ofika kunyumba kapena kusukulu yapafupi. Ngati muli ndi foni yamakono, pali mapulogalamu oyezera phokoso. Sakhala olondola ngati makina enieni, choncho yezani kangapo, pamalo amodzimodzi ndi mtunda umodzimodzi, n'kulemba nthawi.

Popanda foni, yesani izi: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali mita imodzi kuchokera pomwe mwaima akumveni, phokosolo lafika poopsa.

Langizani eni zigayo kuti antchito azisinthana ndi kuvala zotsekera makutu, thonje silikwanira. Amayi okagayitsa asaime pafupi ndi injini khanda lili kumsana. Funsani antchitowo ngati makutu amalira akaweruka, kapena ngati amavutika kumva pagulu. Otere atumizeni kuchipatala cha boma, komwe angawatumize kukayezedwa makutu kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre.