Azakhali ndi mvuu ya pachiguduli

Mpaka chaka chatha, azakhali anga a ku Ntaja ankadana ndi singano. Batani likathothoka, malaya ankapita kwa telala kumsika. Pabalaza pawo mipando inali yosayala kanthu, tebulo lili mbee. "Manja angawa ndi a khasu ndi mthiko basi," ankatero.

Zinthu zinatembenuka atapita ku Balaka kukasamala mwana wawo yemwe anali m'chikuta. Mayi woyandikana nawo nyumba ankapeta nsalu ndi timitanda tooneka ngati X, ndipo tsiku lina anawaitanira pamphasa. Azakhali anakana kuti satha kujambula.

"Amayi, apa sitijambula, timawerenga. Chenje cha tomato chija simuwerenga?"

Basi, anawapezerera. Nsalu ya Aida, ija ya timabowo 14 pa inchi, ndi yosowa kumudzi, choncho anayambira pachiguduli chochapa bwino, poti nachonso timabowo take timaoneka. Anaphunzira kupinda nsalu kuti apeze pakati n'kuyambira pomwepo. Ulusi wopetera umakhala ndi timaulusi 6, iwo n'kumapatulapo tiwiri. Mzere wonse amausoka mopendekera mbali imodzi, pobwerera n'kumapingasa, kuti kamtanda kalikonse kagone mofanana ndi kanzake. Mfundo samanga: kamchira ka ulusi amakalowetsa kuseri, pansi pa zosokazo.

Lero kalowenimo m'nyumba muja! Mvuu ya mu Shire yayasamula patebulo. Njovu za kunkhalango ya Liwonde zandandalika pamipando, chitamba kugwira mchira wa inzake. Pakhoma pali mlambe ngati ija ya m'mbali mwa msewu ku Ulongwe, malambe ake lendelende. Amuna awo, omwe ankati kumeneku n'kutha maso pachabe, ndiwo asanduka alonda: mlendo asanakhale pansi amva kale, "Pepanitu achimwene, musatsamire njovuzo."

Mbiri yafika patali. Wofuna mphatso ya pachinkhoswe akubwera, wofuna dzina la khanda pa pilo akubwera, ndipo ku banki m'khonde azakhali sakudumphanso sabata osaponya masheya. Madzulo pakhonde pamadzaza atsikana ochokera kusukulu, aliyense ndi kachiguduli kake, milomo ikugwedera powerenga timabowo.

Nditapempha kansalu kanga ka patebulo, ananditsegulira kope la maoda.

"Lembetsa pamzere, mwanawe. Zaulere zinatha."