Kuchotsa ndi kubwezera mphira za pa handulo ya njinga

Anzathu, njinga ndiyo bulu wathu. Imatinyamulira chimanga, mbatata ndi feteleza. Imatengera wodwala kuchipatala. Pa handulo pake pali mphira ziwiri zimene timagwira poyendetsa. Handulo ikapindika kapena ikachita dzimbiri, mphirazi zimafunika kuchotsa. Ambiri a ife timangozing'amba ndi mpeni. Apo ndiye tataya ndalama, pakuti mphira yabwino imabwereranso pamalo pake.

Kuchotsa

1. Tithire madzi ofunda pa mphira. Mphira ikafunda imafewa.
2. Titenge sipoko yakale yosasongoka. Tiilowetse pang'onopang'ono pakati pa mphira ndi chitsulo. Mpeni ayi, umaboola.
3. Mumpatamo tidonthezere madzi a sopo.
4. Tichotse sipoko. Tipotoze mphira uku ndi uku, madzi alowe ponseponse.
5. Tiikankhe kuchokera kumphepete kwa mkati. Tikakoka kunsonga, mphira imatalika, imathina ndipo imagwira chitsulo zolimba.

Ikakana, tionjezere madzi. Kupsa mtima sikuchotsa mphira.

Kubwezera

1. Tipale dzimbiri pa chitsulo. Tipukute mafuta onse.
2. Titsuke m'kati mwa mphira mpaka sopo yense atha.
3. Tione nsonga ya handulo. Ngati ili yakuthwa, tiisalaze ndi tupa kuti isaboole mphira.
4. Tinyowetse m'kati mwa mphira ndi madzi oyera. Kachasu wamphamvu pang'ono amathandizanso, chifukwa sachedwa kuuma.
5. Tikankhe mphira ndi chikhatho, tikupotoza, mpaka ifike kumapeto. Tisamenye ndi nyundo.
6. Kabowo ka kunsonga kwa mphira kakhale kotseguka. Mpweya ndi madzi zimatulukira pomwepo.
7. Njinga igone usiku umodzi. M'mawa tiyese kupotoza mphira ndi mphamvu. Ikazungulira, tisakwere. Tidikire iume.

Chenjezo

Mafuta, girisi ndi parafini zisafike pa mphira. Zoona, mphira imalowa msanga ndi mafuta. Koma mafuta sauma, ndipo amaononga mphira. Sopo wotsalira nayenso ndi mdani: mvula ikagwa, amayambanso kuterera.

Taganizani. Munthu akutsika chitunda, thumba la makilo 50 lili kumbuyo. Mphira yavuka, yatsalira m'dzanja. Handulo yakhota yokha. Munthu pansi, chimanga pansi, mwina mkono wathyoka nthawi yokolola. Ndiponso handulo yopanda mphira ndi chitsulo chapululu: munthu akagwerapo chimalasa pamimba.

Njinga ya gulu imakwera anthu ambiri. Amene wabwezera mphira lero auze anzake kuti asaikwere mpaka mawa.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani timathira madzi ofunda pa mphira?
2. Chifukwa chiyani sitipaka mafuta pobwezera?
3. Tisanakwere njinga m'mawa, tiyese chiyani?

Tilembe m'kope mawu awa: njinga, mphira, handulo, sipoko, dzimbiri.