Mmene nkhani za zithunzi za ku Japan zinawolokera nyanja

TETE — Ana ambiri a m'dera la Filipe Samuel Magaia, mumzinda wa Tete, amamudziwa Naruto ngati mnzawo wa pakhomo, komatu nkhani yake inalembedwa m'Chijapani.

Mmodzi mwa anthu amene analambula njira ya nkhani zotere ndi bambo Seiji Horibuchi. Mu 1986 anayambitsa kampani ya Viz ku San Francisco, ku America, ndi ndalama za kampani ya ku Japan ya Shogakukan. Mu 1987 anatulutsa mabuku oyamba m'Chingerezi, kuphatikizapo Area 88.

Panali vuto: mabukuwa amawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere. Viz inkatembenuza masamba ngati pagalasi, moti wogwira lupanga ndi dzanja lamanja ankaoneka wamanzere. Mu 2002 inayambitsa magazini ya Shonen Jump, masamba osatembenuza, owerenga n'kuzolowera. Naruto anatulukira m'menemo.

Kuno ku Tete, Chinyanja chinalowa m'kalasi mu 1993 pa ntchito yoyesera ya PEBIMO. Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano akadziwa kuwerenga chilankhulo chake, amafunanso nkhani yomusangalatsa akaweruka kusukulu. Ntchito ya omasulira ndi osindikiza mabuku ili pamenepo.