Fulu wakana nsima ku Chipera

M'mwezi wa Seputembala ndinapita ku Chipera, m'boma lathu lino la Marávia, kukajambula mau a alimi oti ndikaulutse pa wailesi. Ntchito itatha ndinakagona kwa mlongo wanga. Ndisanatsitse n'komwe chikwama panjinga, mwana wake wa zaka 10 anandigwira dzanja nandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, bwerani mudzaone. Fulu wanga sakudya, lero akwana masiku 9."

Kuseriko ndinapeza fulu wamng'ono, wotalika ngati dzanja la munthu wamkulu. Anali atamuboola chigoba ndi msomali wamoto n'kumumangirira ndi chingwe ku mwendo wa nkhokwe, ndipo pambali pake panali mbamu ya nsima yomwe nyerere zinali zitayamba kale kugawana. Mnyamatayo anamutola pa lupsa pochokera kobusa mbuzi. Agogo ake aamuna anali ataweruza kale mlandu: "Mdzukulu wanga, chinthu chokana kudya chimadyedwa. Mawa tiotche." Apa mwanayo misozi inali ili m'maso.

Awerengi, nkhaniyi si ya pakhomo limodzi. Tchire likapsa afulu, omwe ena amati akamba, amaonekera poyera, ana n'kumawatola. Ambiri amafera pachingwe, eni ake akuti chinyamachi n'chamwano. Palibe mwano. Fulu wongotoledwa kumene amakana kudya chifukwa cha mantha, ludzu, nyengo, kapena chifukwa tamupatsa chakudya chosakhala chake.

Choyamba, dziwani kuti mwatola ndani. Kuno kwathu kuli fulu wamkulu wamawangamawanga ngati nyalugwe, amene akakula amafika masentimita 40 ngakhale kuposa. Ameneyu ndi mnzake wa ng'ombe: amadya udzu, zitsamba ndi maluwa. Ndiye pali fulu wamng'ono, wosapitirira kwenikweni masentimita 20, amene chigoba chake chimapindika cha kumbuyo ngati chitseko, kuti akaopsedwa atsekere miyendo ndi mchira. Uyu amadya bowa, bongololo, nkhono ndi zipatso zakugwa zokha, kuphatikiza masamba anthete. Wachitatu ndi nkhasi ya m'madzi, yachigoba chaphwatalala, yomwe mumaiona m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Nkhasi imadya nkhono, ambululu ndi tinsomba, ndipo imameza chakudya ili m'madzi. Mukaiikira chakudya pouma idzangochiyang'ana. Koma musasokoneze: fulu wa kumtunda mukamuponya m'chidebe chodzaza madzi angathe kumira.

Titamutembenuza wa mwana wa mlongo wanga uja, tinaona kuti ndi wachitseko. Ndipo apa ndi pomwe panagona nkhani. Fulu wa mtundu umenewu ndi nyama ya dzinja. Mvula ikasiya amalowa m'una, pansi pa chipika kapena m'chulu, n'kukhala phee miyezi yambiri osadya kanthu, mpaka mvula yoyamba itamudzutsa. Thupi la fulu silidzitenthetsa lokha ngati lathu, limadalira dzuwa, choncho silitha chakudya msanga. N'chifukwa chake angathe kukhala masabata osadya koma osafa. Tsono kumukakamiza kudya mu Seputembala kuli ngati kudzutsa munthu pakati pa usiku n'kumuikira mbale ya nyemba. Nawonso afulu amawanga aja amachepetsa kudya m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri monga cha ku Fingoè.

Chimene chimapha fulu msanga si njala koma ludzu. Makolo anati fulu amanyera yemwe wamutola, ndipo sananame. Koma ndi angati akudziwa kuti madzi amene amakuthirani m'manjawo ndi nkhokwe yake? Fulu amasunga madzi m'chikhodzodzo kuti aoloke nawo chilimwe. Akachita mantha amataya. Mwana aliyense wapamudzi akamabwera kudzamunyamula, kumugwedeza ndi kumugogoda kuti atulutse mutu, fuluyo amauma pang'onopang'ono, maso n'kulowa m'kati.

Ife tinachita izi. Tinadula chingwe chija. Tinathira madzi ofunda pang'ono m'beseni, ongofika pachibwano chake, n'kumuikamo kwa mphindi pafupifupi 20 tikumuyang'anira. Sipanapite nthawi, anatulutsa mutu, naviika mphuno m'madzi, khosi n'kumagunda. Anali kumwa. Mnyamata uja anafuna kukuwa ndi chimwemwe, ine n'kumutseka pakamwa. Kenaka tinamumangira kakhola ka njerwa pansi pa mtengo wa mango, pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma la masana ai. Tinaunjikamo masamba ouma ndi phale lovundikira loti azibisalamo, ndi mbale yosazama ya madzi. Pamwamba tinaika mitengo kuopa agalu ndi nkhumba. Dzuwa la Okutobala la kuchigwa kuno silichita masewera: fulu womangidwa pamtetete, kapena wogwa chagada osatha kudzuka, amafa tsiku lomwelo.

Za kuboola chigoba ndilankhulepo mosabisa, pakuti nanenso ndili mwana ndinaboolapo. Timaganiza kuti chigoba ndi chinthu chakufa ngati chikho. Ai ndithu. Chigoba ndi fupa lamoyo, nthiti ndi msana wa fuluyo zinalumikizana nacho, ndipo muli magazi ndi mitsempha. Amamva kupweteka, kungoti alibe mau okuwira. Bala limenelo ntchentche zikaikirapo mazira, mphutsi zimalowa. Nyama yovulazidwa chotero ingadye bwanji?

Tsono nsima. Kwa ife mlendo wosapatsidwa nsima ndiye kuti sanadye, koma m'mimba mwa fulu nsima, buledi, mkaka ndi ndiwo zamchere ndi zamafuta zimangobweretsa matenda. Wamawanga mupatseni udzu wanthete, chisoso, nkhwani, masamba a mabulosi, zonse zosathiridwa mankhwala a m'munda wa thonje kapena fodya. Mungaikemonso fupa louma lakalekale, pakuti kutchire amatafuna mafupa kuti chigoba chilimbe. Wachitseko muonjezereni nkhono, nyongolotsi ndi kachidutswa ka papaya wakupsa. Ikani chakudyacho m'mawa dzuwa litamuwomba, inu n'kuchokapo. Fulu wachilendo sadya anthu atamuzungulira. Ndipo musamukanule pakamwa ndi kamtengo.

Pali kukana kudya kwina komwe ndi matenda. Mukaona mamina kapena thovu m'mphuno, maso otupa osatseguka, kupuma kwa mluzu atayasama kukamwa, chigoba chopsa ndi moto kapena chonunkha, ndiponso mukamunyamula n'kupepuka ngati chikho chopanda kanthu, funsani alangizi a ziweto a ku ofesi ya SDAE. Musamumwetse mapiritsi a anthu kapena mankhwala a ng'ombe, pakuti ena mwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi nkhupakupa amapha fulu.

Oweta ng'ombe ndi mbuzi tcherani khutu apa. M'khwapa ndi m'khosi mwa fulu mumabisala nkhupakupa zikuluzikulu. M'chaka cha 2000 dziko la America linaletsa kulowetsa afulu amawanga aja ndi mtundu wina wa achitseko, poopa kuti nkhupakupa zawo zingabweretse matenda a ziweto otchedwa heartwater. Choncho fulu wotoledwa kutchire asakhale pafupi ndi khola, ndipo nkhupakupa mukazizula muziotche. Ana akagwira fulu asambe m'manja ndi sopo asanadye, chifukwa ndowe zake zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Beseni lomuviikamo lisabwererenso kukatsukira mbale.

Kunena zoona, ine sindilimbikitsa kuweta fulu. Wamawanga amakhala ndi moyo zaka 50 ngakhale kuposa, kutanthauza kuti mwana womutola lero adzamera imvi fuluyo akadalipo. Komanso afulu onse a kumtunda ali pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndipo lamulo la Mozambique loteteza zachilengedwe la chaka cha 2014, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, lili ndi zilango za ndende kwa ochita malonda otere popanda chilolezo. Munthu akabwera ndi thumba kuti akugula afulu okaoloka nawo malire kupita ku Zambia, mukaneni.

Usiku uja tinakambirana pabwalo mpaka moto kuzilala. Agogo anagonja ponena kuti kanyama kake n'kosakwana ngakhale kununkhiritsa mphika. Ndinapangana ndi mnyamatayo kuti aziviika fuluyo m'madzi kawiri kapena katatu pa sabata, asamamuonetse kwa anzake, ndipo mvula ikagwa akamubwezere pomwe anamutola penipeni, osati tchire lililonse, chifukwa fulu amadziwa dera lake, mauna ake ndi pomwe pamadikha madzi.

Mu Novembala mlongo wanga anandiimbira lamya ndili ku ntchito, napatsira mwanayo.

"Amalume, wadya! Mvula inagwa usiku, m'mawa ndamupeza akutafuna bongololo, theka lili panja."

"Nanga pangano lathu lija?"

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati apita Loweruka. Amai ake akuti anapitadi pamodzi ndi agogo ake, omwe ananyamula fuluyo m'chipewa chawo, nakamusiya patsinde pa chulu cha kuseri kwa dambo pomwe udzu unali utayamba kuphuka.